Mapulogalamu osungira maphikidwe ndi kuwerengera michere ya m'zakudya

Mapulogalamu osungira maphikidwe ndi kuwerengera michere ya m'zakudya ndi mapulogalamu a pafoni kapena pakompyuta amene munthu amalembamo zimene amaphika ndi zimene wadya, kenaka iwo amamuonetsa kuchuluka kwa mphamvu, mapuloteni, mafuta, mavitamini ndi michere ina imene ili m'chakudyacho. Ena amangosunga ndondomeko za kaphikidwe monga limachitira kope la kukhitchini, ena amangowerengera, ndipo ena amachita zonse ziwiri. Ambiri mwa otchuka anapangidwa ku America, Canada, Australia ndi ku Ulaya, poganizira anthu amene amagula chakudya cha m'mapaketi ndipo aliyense amadyera m'mbale yakeyake. Munthu wa ku Mtsiliza, Kawale kapena Chinsapo mumzinda wa Lilongwe, amene amagula tomato pa mulu n'kumadya nsima ya ufa wa kuchigayo, sangasankhe pulogalamu pongoona kutchuka kwake. Chimene chimachititsa kuti pulogalamu ikhale yothandiza kapena yosocheretsa ndi mndandanda wa zakudya umene uli m'kati mwake, ndiponso ngati ikulola munthu kulowetsamo miyeso ya pamsika ndi ya pambaula.

Mmene amagwirira ntchito

Foni siyeza chakudya. Chimene pulogalamu imachita n'kuchulukitsa manambala awiri: kulemera kwa chakudya kumene munthu walemba, ndi michere imene akatswiri anapeza m'magalamu 100 a chakudya cha mtundu umenewo atachiyeza ku labotale. Manambala a ku labotalewa amasungidwa mu mndandanda waukulu umene m'nkhani ino ukutchedwa nkhokwe ya zakudya. Mphamvu imayezedwa m'makalori. Galamu imodzi ya sitachi kapena shuga imapereka makalori pafupifupi 4, ya mapuloteni 4, ndipo ya mafuta 9. N'chifukwa chake supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira, imene imaoneka ngati kanthu kochepa, imakhala ndi makalori pafupifupi 120.

Choncho yankho la pulogalamu lingalakwike m'njira ziwiri. Mwina nkhokwe ilibe chakudya chimene munthu wadya ndiye iye wasankha china chofanana nacho dzina, kapena walemba kulemera kongoyerekeza. Ku Malawi zolakwika ziwirizi zimachitikira pamodzi kawirikawiri, ndipo pulogalamu siichenjeza. Imangoonetsa nambala yooneka yotsimikizika, monga makalori 1,847, ngakhale kuti zimene zinalowetsedwa zinali zongopeka.

Mbiri

Kuwerengera michere kunayamba kale makompyuta asanabwere. Mu 1896 Wilbur Atwater ndi Charles Woods anasindikiza ku America mndandanda wa michere ya m'zakudya za kumeneko, ndipo manambala aja a 4, 4 ndi 9 amatchedwabe ndi dzina la Atwater. Dziko lino linalowa msanga m'mbiri imeneyi. Mu 1938 boma la atsamunda linayambitsa kafukufuku wa kadyedwe ka anthu a ku Nyasaland, wotsogoleredwa ndi Dr B. S. Platt, ndipo ofufuzawo anakhala m'midzi ya dera la Nkhotakota n'kumayeza pa sikelo ufa ndi ndiwo zimene mabanja ankaphika. Mu 1945 Platt anatulutsa mndandanda wa zakudya za m'maiko otentha umene unagwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri. Mmodzi mwa ofufuzawo, Jessie Williamson, analemba buku la Useful Plants of Nyasaland la mu 1955, lofotokoza zomera zodyedwa ndi maina ake a m'zinenero za kuno.

Kumbali ya maphikidwe, mu 1969 sitolo ya Neiman Marcus ku America inatsatsa kompyuta ya kukhitchini ya Honeywell pa mtengo woposa madola 10,000. Inalephera pamsika, ndipo n'zosadabwitsa, chifukwa woigula ankafunika kuchita kaye maphunziro a masabata awiri kuti aziigwiritsa ntchito. Mapulogalamu a pakompyuta ya panyumba monga Meal-Master ndi MasterCook anafala pambuyo pake. Ku Malawi maphikidwe ankasungidwa pamtima, m'makope, ndi m'mabuku owerengeka monga The Malawi Cookbook la Annabel Shaxson, Pat Dickson ndi June Walker, limene linatuluka m'zaka za m'ma 1970. MyFitnessPal ndi Cronometer anayamba cha m'ma 2005, ndipo mafoni a Android atafika m'manja mwa anthu ambiri, mapulogalamu otere anachuluka kwambiri.

Nkhokwe ya zakudya za ku Malawi

Kwa zaka zambiri akatswiri a kadyedwe ku Malawi ankabwereka manambala m'mindandanda ya maiko ena monga Tanzania, South Africa ndi America. Mndandanda woyamba wa dziko lino, Malawian Food Composition Table, ndi wa chaka cha 2019. Unakonzedwa ndi boma kudzera ku nthambi yoona za kadyedwe, HIV ndi Edzi, mogwirizana ndi sukulu ya ukachenjede ya LUANAR, bungwe la South African Medical Research Council ndi Tufts University ya ku America. Muli zakudya 316 zoikidwa m'magulu asanu ndi atatu, ndipo pa chakudya chilichonse pali malo a michere 42. Ubwino wake waukulu ndi woti muli zakudya zophikaphika za kuno, zolembedwa maina a Chingerezi ndi a Chichewa omwe. Umapezeka kwaulere pa intaneti ngati buku la PDF.

Mapulogalamu otchuka sadalira mndandanda umenewu. Ambiri amatenga manambala ku FoodData Central ya unduna wa zaulimi wa ku America, kapena amalola wina aliyense kulembamo chakudya ndi manambala ake. Zotsatira zake zimaoneka bwino tikatenga zakudya zinayi za tsiku ndi tsiku.

Choyamba ndi ufa. Mgaiwa umagayidwa ndi gaga ndi mtima wa chimanga womwe. Ufa woyera umadutsa pokonola, kuviika m'madzi masiku angapo, kuyanika ndi kugayitsa, ndipo m'njiramo umataya mafuta, ayironi, zinki ndi mavitamini a gulu la B ochuluka. Ufa wa chimanga wa m'masitolo a ku America nthawi zambiri umakhala wothiridwa ayironi ndi mavitamini kufakitale. Amene wadya nsima ya ufa woyera wa kuchigayo cha ku Mtsiliza n'kusankha ufa wa ku America mu pulogalamu adzauzidwa kuti wapeza ayironi amene sanadye n'komwe. Makalori okha sasiyana kwenikweni, chifukwa ufa wouma wa chimanga wa mtundu uliwonse umakhala ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100.

Chachiwiri ndi mbatata. Mbatata imene ili m'nkhokwe za ku America ndi yofiira m'kati, yodzaza ndi vitamini A. Mbatata yoyera m'kati, imene ndi yofala m'misika ya ku Lilongwe, ili ndi vitamini ameneyu wochepa kwambiri. Mitundu yofiira monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Chipika ilipo, koma wolemba ayenera kudziwa imene waphikira futali lero.

Chachitatu ndi nsomba zing'onozing'ono. Usipa, bonya ndi matemba zimadyedwa ndi mitu ndi minga yomwe, ndipo m'menemo ndi mmene muli kashiyamu wambiri. Zikauma madzi amachoka, ndiye magalamu 100 a usipa wouma amakhala ndi michere yoposa kangapo ya magalamu 100 a usipa wauwisi. Nsomba za m'chitini zoviikidwa m'mafuta, zimene pulogalamu ingapereke m'malo mwake, n'chakudya china.

Chachinayi ndi masamba. Bonongwe ndi nkhwani amapezeka m'nkhokwe zina zakunja pansi pa maina a Chingerezi, koma chisoso, luni, denje ndi mfutso sizipezeka kawirikawiri. Kaphikidwe nakonso kamasintha zinthu: soda kapena chidulo chimene chimathiridwa mu therere ndi m'masamba ena chimawononga vitamini C ndi vitamini B1, ndipo palibe pulogalamu ya pafoni imene imafunsa ngati mwathira soda.

Palinso zimene ngakhale mndandanda wa dziko sungathe kulondola khomo ndi khomo. Ofufuza a ku LUANAR ndi University of Nottingham anapeza kuti mchere wa m'thupi wotchedwa seleniyamu umasiyana kwambiri m'chimanga malinga ndi dothi, ndipo chimanga cha m'chigwa cha Shire chimakhala nawo wambiri kuposa cha m'madera ambiri a kumtunda. Mbali inayi, shuga ndi mafuta ophikira opangidwa m'mafakitale a ku Malawi amathiridwa vitamini A, ndipo mchere umathiridwa ayodini, motsatira miyezo ya Malawi Bureau of Standards. Shuga wa m'nkhokwe za ku America alibe vitamini A, choncho apa pulogalamu imachepetsa m'malo mochulukitsa.

Miyeso ya pamsika ndi vuto la mtanda wa nsima

Mtsiliza ndi dera la anthu ambiri limene lili pafupi ndi Mtandire, Area 47 ndi Area 49. Monga m'madera ena otere, mabanja ambiri amagula chakudya cha tsiku lomwelo: ufa wa walkman, kachubu ka mafuta, mulu wa tomato, mulu wa bonya, mpukutu wa mpiru, kapepala ka nyama ya soya. Miyeso imeneyi ilibe kulemera kokhazikika. Zinthu zikakwera mtengo wogulitsa amachepetsa mulu m'malo mokweza mtengo, moti mulu wa mu Januwale si wofanana ndi wa mu Juni. Zambiri mwa zinthuzi zilibe timizere takuda ta barcode timene mapulogalamu akunja amanyadira kuti amatha kuwerenga ndi kamera. Timizereti timathandiza amene amagula ku Gateway Mall kapena m'masitolo a Chipiku ndi Sana, komabe ngakhale kumeneko katundu wopangidwa ku Malawi nthawi zambiri sapezeka m'nkhokwe pokhapokha wina atamulowetsamo.

Nsima ndiyo imavuta kuposa zonse, ndipo ndiyo imapereka gawo lalikulu la mphamvu za tsiku. Munthu akalemba dzina la nsima, ugali, sadza kapena pap mu pulogalamu imene aliyense amaloledwa kuwonjezamo zakudya, amapeza mayankho ambiri osagwirizana, chifukwa wina analemba manambala a ufa wouma, wina a nsima yolimba, wina a phala. Mtanda nawo umatengera chipande ndi dzanja la woomola.

Njira yodalirika ndi yowerengera kuchokera ku ufa, osati ku nsima. Madzi alibe makalori, choncho mphamvu yonse ya mumphika ndi ya ufa umene walowamo. Ngati banja lavundulira magalamu 750 a ufa, mphikawo uli ndi makalori pafupifupi 2,700. Ikaomoledwa mitanda 9 yofanana, uliwonse uli ndi makalori 300, ndipo amene wadya iwiri wapeza 600. Ndiwo zimawerengedwa chimodzimodzi. Nsinjiro zolemera magalamu 60 zothiridwa mu nkhwani wotendera zimawonjezera makalori pafupifupi 340 ndi magalamu 15 a mapuloteni mu poto yense. Mamililita 50 a mafuta okazingira bonya ndi makalori pafupifupi 400. Zonsezi zimagawidwa malinga ndi mmene anthu apakulirana.

Apa m'pamene ntchito ziwiri za mapulogalamuwa zimakumana. Pulogalamu yoyenera khomo la ku Malawi ndi imene imalola munthu kulemba kaphikidwe kake, kunena kuti mphikawo wagawidwa pangati, n'kusunga zimenezo pansi pa dzina monga "mtanda wa kwathu" kuti mawa asayambirenso masamu. Pulogalamu imene ilibe mbali imeneyi, kapena imene imalipiritsa kuti munthu aitsegule, ili ndi phindu lochepa kuno ngakhale ikhale yokongola chotani.

Sikelo ya kukhitchini siifunika tsiku lililonse. N'zokwanira kubwereka kamodzi, kapena kupempha wogulitsa nyemba kapena nyama amene ali nayo, n'kuyeza kapu ya ufa, mbale ya nyemba ndi mtanda umodzi, kenaka n'kulemba. Pa zamadzimadzi botolo la mamililita 500 limakwanira kukhala muyeso. Chofunika kukumbukira n'choti ufa ndi wopepuka kuposa madzi: kapu imene imalowa magalamu 250 a madzi imalowa ufa wolemera theka lake kapena kupitirirapo pang'ono.

Chotsala chimene masamu sangathetse ndi kudyera pamodzi. Ana atatu akazungulira mbale imodzi ya ndiwo, wamng'ono ndi wodya pang'onopang'ono amapeza zochepa, koma pulogalamu imagawa mofanana. Alangizi a zaumoyo amalimbikitsa kuti mwana wamng'ono azipatsidwa mbale yakeyake, ndipo popanda zimenezo nambala ya pafoni yokhudza mwanayo ilibe tanthauzo.

Mapulogalamu odziwika

MyFitnessPal ndi yotchuka kwambiri ndipo ili ndi zakudya mamiliyoni, zambiri zolembedwa ndi oigwiritsa ntchito okha. Kampani ya Under Armour inaigula mu 2015 n'kuigulitsa kwa Francisco Partners mu 2020, ndipo mu 2022 mbali yowerenga barcode inasamutsidwira kwa olipira m'maiko ambiri. FatSecret ya ku Australia ndi Lose It! ya ku America zimagwira ntchito mofanana nayo. Zonsezi zinapangidwira makamaka anthu ofuna kuchepetsa thupi.

Cronometer, ya ku Canada, imadalira kwambiri nkhokwe za ku labotale ndipo imaonetsa michere yambiri monga ayironi, zinki, kashiyamu ndi vitamini A ngakhale kwa osalipira. Imalolanso kulowetsa chakudya chatsopano ndi manambala ake onse, zimene zikutanthauza kuti munthu angathe kukopera usipa kapena mgaiwa kuchokera mu mndandanda wa 2019 uja. Kwa wophunzira kapena munthu wofuna kudziwa zoposa makalori, imeneyi ndi yabwinopo pakati pa zotchukazi, ngakhale imafuna intaneti pofufuza chakudya.

Paprika Recipe Manager ndi yosungira maphikidwe. Imakopera ndondomeko kuchokera pa masamba a intaneti, imachulukitsa kapena kuchepetsa miyeso malinga ndi chiwerengero cha odya, imapanga mndandanda wa zokagula, ndipo imagwira ntchito popanda netiweki. Imalipiridwa kamodzi osati mwezi ndi mwezi, koma siwerengera michere payokha. Mealie ndi Tandoor Recipes ndi zaulere, koma zimafuna munthu wodziwa kuziika pa kompyuta yake yosazima, chinthu chovuta kumene magetsi a ESCOM amathimathima. Waistline ndi ya Android, yaulere, siifuna akaunti ndipo imasunga zonse mufoni momwemo. Zakudya za m'mapaketi imazitenga ku Open Food Facts, nkhokwe yotseguka imene inayamba ku France mu 2012, imene aliyense angathe kuwonjezeramo katundu wa m'dziko lake pojambula paketi.

Akatswiri ali ndi zida zawo. NutriSurvey ndi pulogalamu yaulere ya Windows imene ophunzira za kadyedwe m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito, NutVal imawerengera chakudya chogawidwa pa nthawi ya njala ndi m'misasa ya othawa kwawo, Cost of the Diet ya Save the Children imapeza mtengo wotsikitsitsa wa chakudya chokwanira banja, ndipo WHO Anthro ndi yoona kakulidwe ka ana. Izi si za munthu wongofuna kudziwa za nkhomaliro yake.

Pali njira ina imene anthu amainyozera: tebulo la Excel, Google Sheets kapena LibreOffice. Munthu akakopera zakudya 30 kapena 40 zimene banja lake limadyadi kuchokera mu mndandanda wa Malawi, n'kuika masamu ochulukitsa, amakhala ndi chida cholondola kuposa pulogalamu ya zakudya mamiliyoni zimene sadzadyapo. Wophunzira wa Fomu 3 amene anaphunzirako kompyuta angathe kukonza zimenezi masana amodzi.

Palibe mwa mapulogalamu otchukawa imene ili ndi mabatani a Chichewa. Maina a zakudya zimene munthu walowetsa yekha angathe kulembedwa m'Chichewa, koma zina zonse zimafuna Chingerezi.

Ndalama, bandulo ndi foni

Mtengo wa pulogalamu si umene walembedwa pa Google Play wokha. Zolipira mwezi ndi mwezi zimakhala m'madola ndipo zimafuna khadi la Visa kapena Mastercard. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa zolipira zoterezi unakwera usiku umodzi, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kumachititsa kuti kulipira pa intaneti kukhale kovuta. Ndi bwinonso kusamala ndi masiku oyeserera aulere, chifukwa akatha ndalama imadulidwa yokha ngati munthu sanaletse.

Mapulogalamu aulere amadya bandulo kudzera m'zotsatsa malonda, makamaka za mavidiyo. Bandulo ya WhatsApp yokha ya Airtel kapena TNM, imene anthu ambiri amagula, siitsegula mapulogalamu amenewa. Mafoni otsika mtengo a itel ndi Tecno amakhala ndi malo ochepa, ndipo pulogalamu yaikulu imawachedwetsa. Kuyesa kosavuta n'koti munthu azimitse intaneti n'kuona ngati angathebe kutsegula maphikidwe ake ndi kulemba chakudya cha lero. Ngati sizitheka, ndiye kuti tsiku limene bandulo yatha kapena netiweki yavuta, zolemba zidzadumpha.

Kusunga maphikidwe a kuno

Maphikidwe ambiri a ku Malawi sanalembedwe m'magalamu. Amayi kapena agogo amati "uthire madzi pang'ono", "mpaka itayamba kuthyakula", "mchere wa pa nsonga ya supuni". Amene akufuna kusunga kaphikidwe ka thobwa, chigumu, mkate wa nthochi, zitumbuwa kapena kondowole amachita bwino kuimirira pambali pophika, kuyeza chilichonse chisanalowe mumphika, n'kulemba mawu a wophikayo pamodzi ndi manambala. Mawuwo ndi ofunika chifukwa moto wa makala sufanana ndi uvuni wa magetsi umene mapulogalamu amayembekezera, ndipo chizindikiro cha maso chimathandiza kuposa mphindi. Pachifukwa chimenechi pulogalamu yolola kuika chithunzi ndi ndemanga zazitali imaposa yokakamiza munthu kudzaza timabokosi.

Kwa amayi ndi achinyamata ogulitsa mandasi, zigege, samusa kapena tchipisi cha pachiwaya, phindu lalikulu silikhala pa michere koma pa kuwerengera ndalama. Kaphikidwe kolembedwa bwino kamaonetsa kuti kilogalamu imodzi ya fulawa imatulutsa mandasi angati ndipo imamwa mafuta ochuluka bwanji, ndiye mtengo wa mafuta ukakwera wogulitsa amadziwa tsiku lomwelo ngati akupindula. Pa ntchito imeneyi tebulo la Excel limaposa mapulogalamu a maphikidwe, chifukwa ambiri a iwo alibe malo olembapo mitengo ya m'makwacha.

Anthu ambiri amasunga maphikidwe pa WhatsApp, podzitumizira okha uthenga kapena m'magulu. Zimagwira ntchito mpaka tsiku limene foni yabedwa kapena yafa. Pulogalamu iliyonse imene munthu wasankha iyenera kumulola kutulutsa zolemba zake zonse ngati fayilo imene angasunge pa memori khadi kapena kusindikiza papepala.

Kuwerenga magulu m'malo mwa makalori

Uphungu wa boma la Malawi pa kadyedwe sunakhazikike pa makalori koma pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zochokera ku nyama, za m'gulu la nyemba, ndiwo zamasamba, zipatso, ndi mafuta. Cholinga n'choti munthu adye kuchokera m'gulu lililonse tsiku lililonse. Pali chifukwa chake. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, kutsika kuchoka pa 47 mu 2010, ndipo kafukufuku wa michere wa nthawi yomweyo anapeza kuti ana aang'ono pafupifupi 6 mwa 10 aliwonse anali operewera zinki. Mwana angathe kukhuta nsima tsiku lililonse n'kupinimbirabe. Kafukufuku woyamba uja anapezanso kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse anali onenepa mopitirira muyeso, makamaka a m'tauni, moti m'dera limodzi monga Mtsiliza mavuto awiriwa amapezeka pamodzi, nthawi zina m'nyumba imodzi.

Kuwerenga magulu sikufuna sikelo kapena nkhokwe ya zakudya. Mizere isanu ndi umodzi m'kope, pa kalendala ya pakhoma kapena mu Google Keep imakwanira, ndipo pakutha pa sabata zimaonekeratu kuti gulu la zipatso kapena la nyama ndi limene likusowa. Mabungwe a FAO, WHO ndi UNICEF amagwiritsanso ntchito njira yofanana nayo: mayi wa msinkhu wobereka amayenera kudya magulu osachepera 5 mwa 10 pa tsiku, ndipo mwana wa miyezi 6 mpaka 23 magulu 5 mwa 8, kuwerengera ndi mkaka wa m'mawere. Kwa mabanja ambiri njira imeneyi imayankha funso lenileni mwachangu kuposa pulogalamu iliyonse yatchulidwa pamwambapa. Buku la Sustainable Nutrition Manual la Stacia Nordin, lolembedwera Malawi, linasanja zakudya zambiri za kuno m'magulu asanu ndi limodziwa.

Amene ali ndi foni ya mabatani sanasiyidwe. Chipatala Cha Pa Foni, chimene bungwe la VillageReach linayambitsa ku Balaka mu 2011 ndipo pambuyo pake chinaperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, chimayankha mafunso a zaumoyo ndi kadyedwe m'Chichewa. 

Odwala, amayi oyembekezera ndi ana

Malire a makalori amene pulogalamu imapereka amachokera pa msinkhu, kulemera, zaka ndi ntchito imene munthu wasankha pa mndandanda. Wa kabaza wa njinga yopalasa, woumba njerwa, woswa miyala kapena mayi wosenza madzi ndi makala amawononga mphamvu zambiri kuposa munthu wa mu ofesi amene pulogalamu imamuganizira poyamba. Mayi woyamwitsa amafunika makalori owonjezera pafupifupi 500 pa tsiku. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu amene ali ndi HIV koma sakudwala amafunika mphamvu yowonjezera ndi 10 peresenti, ndipo akamadwala 20 mpaka 30 peresenti. Pulogalamu yochepetsera thupi ingauze anthu onsewa kuti adya mopitirira pamene thupi lawo likuperewera.

Odwala matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndi amene angapindule kwambiri ndi kulemba zimene adya, makamaka akamapita nazo kuchipatala monga ku Kamuzu Central kapena ku Bwaila kuti dokotala kapena katswiri wa kadyedwe azione. WHO imalangiza mchere wosapitirira magalamu 5 pa tsiku, umene ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo umene uli kale mu nsomba zouma, buledi ndi tizokometsera ta ndiwo. Koma kusintha mankhwala kapena kusiya kudya nsima chifukwa cha nambala ya pafoni n'koopsa, makamaka kwa amene amabaya insulini.

Kwa ana osakwana zaka zisanu, chida chodalirika ndi buku la kusikelo ndi kalamba koyezera mkono, kamene kakasonyeza pansi pa masentimita 11.5 ndiye kuti mwana wanyentchera kwambiri ndipo akufunika chithandizo cha kuchipatala monga chiponde. Achinyamata nawonso ayenera kusamala, chifukwa kuwerenga kalori iliyonse kumayambitsa mwa ena mantha a chakudya ndi chizolowezi chodzimana.

Chinsinsi cha zolemba

Zimene munthu amalemba m'mapulogalamu amenewa, monga kulemera, pakati, matenda ndi mankhwala, ndi nkhani za moyo wake. Mu 2018 akuba a pa intaneti anatenga maina, ma-email ndi mapasiwedi obisika a maakaunti pafupifupi 150 miliyoni a MyFitnessPal. Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, limene bungwe la MACRA limayang'anira, koma zolemba za m'mapulogalamu akunja zimasungidwa m'makompyuta a m'maiko ena kumene munthu wa ku Lilongwe sangafikeko ndi dandaulo lake mosavuta. Pulogalamu yolembera zakudya imene ikupempha kuona manambala a anzanu, mauthenga kapena malo amene muli ikupempha zoposa ntchito yake. M'makomo ambiri foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi anthu angapo, choncho amene akulembamo za mankhwala a ma ARV kapena za pakati pamene sanauze abale amayenera kuona ngati pulogalamuyo ili ndi loko wakewake.